Mbale Imene Rosnani Sanadye

Saptuyah anayamba kumuona padoko la mabwato, tsiku limene anatuluka m'nyumba atamaliza miyezi ya edda yolira mwamuna wake. Sikuti kumsika wa kutsidya, m'tauni ya Kuching, ankafunako kanthu kwenikweni. Mlamu wake ndiye anamukakamiza, amvekere munthu ukabindikira kwambiri umaiwala ndi njira yomwe.

Bwato linali litatsala pang'ono kudzaza pamene mayi wina wonenepa zedi anatsika masitepe a padoko chammbalimbali, phazi ili kenaka linzake, atakolekera mathireyi a mazira opanda kanthu m'khwapa. Bambo Seruji, oyendetsa bwatolo, asanatsegule pakamwa, mayiyo anayamba yekha.

"Sunthirani uko nonse, sitima yafika. Amene sadziwa kusambira atsikiretu pompano."

Anthu anaseka, nasunthira mbali inayo. Bwato linapendekeka, kenaka linakhazikika. Saptuyah sanaseke. Anali ataona kuti pamene anthu ankaseka, mwini nthabwala ankapumira m'kamwa, dzanja lili pabondo, maso ali pamadzi. Nthabwala ija anaimwaza ngati mmene munthu amamwazira nkhuku mpunga kuti zimusiye adutse.

Ali pakati pa mtsinje, mayiyo anamasula kapepala m'mene munali zidutswa za keke ya mizeremizere, nayamba kugawira amene anayandikana naye. Saptuyah anapukusa mutu mwamanyazi.

"Ndiye ingokhudzani ndi chala, achemwali. Tili pamadzi pano, musatimize tonse."

Saptuyah anakhudza kekeyo ndi nsonga ya chala, naika chalacho pamilomo, monga aliyense wa m'mbali mwa mtsinje umenewo amachitira. Mwana aliyense amakula akudziwa za kempunan. Chakudya chimene wapatsidwa n'kuchikana osachikhudza chimakulondola. Chimene mtima walakalaka koma m'kamwa simunalawe chimakuterereza pamasitepe, kapena kukukankhira kutsogolo kwa galimoto.

Mayiyo dzina lake linali Rosnani, koma mudzi wonse unkangoti Nani wa makeke. Patapita masiku anafunsa bambo Seruji kuti mayi wachete uja ndi wa kuti, ndipo chikondwerero cha Idi chitayandikira anatumiza mawu akuti akufuna manja owonjezera, makamaka manja amene mwini wake salongolola. Umu ndi mmene Saptuyah analowera m'khitchini ya kuseri kwa nyumba yamsanja ya Rosnani, ndipo anakhalamo zaka.

Keke ya mizeremizere siimusiya munthu akhale pansi. Umathira chipande chimodzi cha ufa wosakaniza ndi batala, mazira ndi mkaka wotsekemera wa m'chitini, n'kuika mu uvuni moto uli pamwamba. Ukapsa mzere umenewo umatulutsa, kutsendera, kuthira wina wa mtundu wina, n'kubwezeranso. Ukatembenuka kuyankha moni, mzere wapserera ndipo keke yonse yawonongeka. Rosnani ankaimirira pa mauvuni atatu tsiku lonse, thaulo lili paphewa, akudziwa ndi mphuno kuti uvuni wachiwiri wakonzeka. Keke ikazizira ankaidula m'mphepete kuti iwongoke. Timphepete timeneto sitigulitsidwa. Malemu bambo ake ankati wotaya chakudya wataya riziki lake, gawo limene Mulungu anamupatsa, ndiye Rosnani ankatitolera m'kamwa ali chiimire, osazindikira n'komwe kuti akudya.

Mbiri ya Rosnani, Saptuyah anaimva pang'onopang'ono, pakati pa mzere ndi mzere. Bambo ake ankagwira ntchito pamakina ocheka matabwa. Matenda a shuga anawadula chala, kenaka phazi, kenaka mwendo, ndipo atamwalira Rosnani anasiya sukulu kuti aziphika. Makeke akewo ndi amene anaphunzitsa ang'ono ake awiri mpaka anakwatiwa kutali ku Miri. Za ukwati wake ankangoti kunabwera mmodzi, anadya keke, anayamikira, n'kukakwatira wina wowonda.

Za mchimwene wake Drahman sankazipanga nthabwala. Mmawa wina amayi awo, mayi Jemelah, anamuitana kuti adye mpunga, iye anayankha ali pakhomo kuti wachedwa kuntchito, nakwera njinga yamoto osakhudza n'komwe mbaleyo. Lole inamupeza pamphambano, ndipo anafera pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo palibe amene ankatuluka m'nyumba ya mayi Jemelah osadya. Wobweretsa gasi ankadya, wowerenga mita ya magetsi ankadya. Rosnani ankadya mmawa, ankadya akamapita kusitolo ya pakona, ankadyanso akamabwerako. Amayi ake ankakhala patsogolo pake kuyang'anira mpaka mbale iyere, ndipo pamenepo ndi pamene nkhope yawo inkamasuka.

M'zaka zimenezo Saptuyah ankaona zimene ogula makeke sankaona. Anaona Rosnani akusiya kukwera bwato, mazira n'kumachita kumubweretsera. Anaona mabotolo a mankhwala akuchuluka pashelefu ya zonunkhiritsa, a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a maondo. Kumzikiti anayamba kuswali atakhala pampando kumbuyo, pamodzi ndi agogo. Tsiku lina anagona tulo ali chiimire, atatsamira khoma, mpaka utsi unadzaza khitchini. Dokotala wa kuchipatala cha boma anamuuza kuti pali opaleshoni yochepetsa chifu, ndipo kwa munthu ngati iye ndiyo njira imene yatsala. Rosnani anabwera nazo kunyumba akuseka, akuti afuna kumusandutsa chikwama cha ndalama, amusoke kukamwa. Chaka chathunthu sanaitchulenso nkhaniyo.

Chimene chinamutembenuza ndi maliro a mayi Hajijah, a nyumba yachitatu kuchokera pawo, amenenso anali ndi thupi lalikulu. Saptuyah anali m'gulu la amayi osambitsa maliro m'mudzimo. Inali ntchito yoyenerana naye, chifukwa wosambitsa zimene waona sazinena. Koma zimene zinachitika panja aliyense anaziona. Jeneza, chithatha chonyamulira maliro, linakanika kutsika masitepe opapatiza a nyumba ija, mpaka amuna anachotsa matabwa a khonde n'kulitsitsa ndi zingwe, akukuwizana ngati akutsitsa kabati. Rosnani anaonera zonsezo ali pawindo.

Mawa lake Rosnani anagwira ntchito mpaka masana. Kenaka, osatembenuka, anafunsa kuti osambitsa analipo angati. Saptuyah anayankha kuti analipo okwanira.

"Achemwali, ine si mwana."

Saptuyah anapukuta manja nthawi yaitali. Kenaka ananena kuti iwo okha anakanika kuwatembenuza, ndiye anaitana amayi ena panja, ena oti sanasambitsepo maliro chibadwire, mmodzi mwa iwo mtsikana amene anakomoka.

Rosnani anatulutsa keke, natsendera mzere, nathira wina.

"Ine ndikufuna mudzandisambitse inuyo ndi anzanu awiri, chitseko chotseka, ngati anthu ena onse," anatero. "Komanso pasakhale posachedwapa."

Sabata yomweyo anabwerera kwa dokotala uja.

Mayi Jemelah atamva anakwiya. Anati Mulungu anamupatsa chifu chathunthu, ndiye akabweza chodula, akayankha chiyani? Rosnani anatumiza funsolo kwa shehe wa pamzikiti, amene anayankha kuti kufuna mankhwala si kutsutsana ndi Mlengi, ndipo thupi ndi chinthu chimene tinasungitsidwa. Komabe kuchipatala mayiwo anakana kumuperekeza. Achipatala ankafuna kuti pazikhala munthu wa kunyumba womva nawo malangizo. Choncho Saptuyah, amene ankaopa ngakhale kufunsa mtengo wa nsomba kumsika, anapezeka akukhala m'zipinda zozizira zija, chikwama chili pamiyendo, akumvetsera.

Zinatenga miyezi yambiri. Anamuyeza magazi ndi mtima, anamulowetsa kachingwe kokhala ndi kamera kukhosi, anamupatsa makina omuthandiza kupuma akagona. Mayi wina wophunzitsa za kadyedwe anawaonetsa nthochi, nati chifu chidzatsala chachikulu chonchi, ndipo sichidzabwereranso. Anamuphunzitsa kudya ndi kasupuni ka tiyi, kutafuna mpaka chakudya chisanduke phala, kusamwera madzi pakudya. Anamuuzanso mosabisa kuti opaleshoni ili ndi zoopsa zake, ndipo ena, ngakhale ndi ochepa, sadzuka. Rosnani anafunsa ngati adzathe kuswali chogwada, chipumi n'kufika pansi. Anamuuza kuti ambiri amatha. Sanafunsenso china.

Asanamupatse tsiku la opaleshoni, achipatala ankafuna aone kuti akhoza kutsitsako thupi payekha. Akamaliza swala ya mmawa, awiriwo ankayenda m'kanjira ka simenti kotsata mtsinje, poyamba kukafika pa mtengo wa mango basi, kenaka mpaka padoko. Timphepete ta keke tinayamba kupita kwa bambo Seruji ndi kwa ana a oyandikana nawo. Ntchito yolawa ufa ngati shuga wakwana inagwera Saptuyah, amene masaya anayamba kutuluka. Rosnani ankauza ogula kuti mafuta ake sakutayika ayi, akungosamukira nyumba ina.

Mzere wa odikira unali wautali, moti anthu a m'chipinda chodikirira anafika podziwana mayina ndi matenda. Kumeneko anadziwana ndi bambo Jimbai, oyendetsa takisi, amene anali atalowapo kale m'chipinda cha opaleshoni n'kutulukamo chimodzimodzi. Masabata omaliza munthu amayenera kumwa chakumwa cha ufa cha kuchipatala ndi msuzi wosefa basi, kuti chiwindi chiphwe. Chiwindi chimagonera chifu ngati bulangete, ndipo chikakhala chachikulu ndi chamafuta dokotala sangachitukule osaching'amba. Tsiku la bambo Jimbai linagwera pafupi ndi phwando la zokolola kwawo. Anapita, abale anawapatsa, iwo anadya. Dokotala analowetsa kamera, anaona chiwindicho, natseka. Anadzuka ali ndi timabala pamimba, chifu chili chonse, dzina lawo labwerera kumchira kwa mzere. Ankafotokoza akuseka, koma Rosnani sanaseke nawo.

Tsiku la opaleshoni ya Rosnani litadziwika, mayi Jemelah anasiya kutsutsa. Anayamba kuphika.

Poyamba Saptuyah ankaganiza kuti ndi njiru chabe. Koma tsiku lina anawapeza pamasitepe a kuseri akupala nsomba, misozi ikugwera pampeni, ndipo anamvetsa. Mayiwo anali atavomera kuti mwana wawo agonekedwa pansi pa mpeni. Chimene sakanavomera n'chakuti apite kumeneko ali ndi njala ya masabata, mtima ukulakalaka chilichonse chodutsa pamphuno. Kwa iwo kunali ngati kumutuma dala pamphambano ija.

Ankadziwa chomwe mwana wawo amakonda kuposa zonse: nsomba ya terubok yamchere, yokazinga mpaka mamba akhale okhuthuka, pamwamba anyezi, tsabola ndi madzi a ndimu, pambali mpunga wotentha. Fungo lake linkafika mpaka kumsewu. Masana aliwonse mbale imeneyo inkabwera m'khitchini ya makeke. Rosnani ankasiya chipande, n'kukhudza mpunga ndi chala, kukhudza nsomba, kuika chala pamilomo, n'kunena kuti zikomo Amayi, ndakhudza.

Mayi Jemelah ankati kukhudza ndi kwa munthu wopita kumsika. Wopita kukadulidwa amadya mpaka mtima ukhale pansi. Rosnani ankawafotokozera za chiwindi, za bambo Jimbai, za mzere umene akaubwerera sadziwa ngati miyendo yake idzamudikire. Mayiwo ankayankha kuti dokotalayo amadziwa chiwindi, koma sanaikepo mwana m'manda. Mbale inkakhala pathebulo mpaka kuzizira. Iwonso anayamba kusiya kudya, amvekere pakhosi sipakudutsa kanthu.

Masiku amenewo Rosnani anasintha. Mutu unkamuwawa, ndipo nthabwala zinamuthera. Anakalipira wobweretsa mazira pa nkhani yopanda pake, kenaka n'kumupepesa. Chakumwa chake ankamwera panja, atafulatira nyumba. Saptuyah anamuonapo ataima pakhomo la khitchini ya amayi ake, maso ali chitsekere, akungokoka mpweya.

Tsiku lina akukulunga makeke, Rosnani anafunsa Saptuyah motsitsa mawu ngati iye amakhulupirira za kempunan. Saptuyah anaganiza kaye. Anati mwamuna wake anamwalira pabedi atadya zonse zimene ankafuna, ndipo iye anasambitsapo anthu ambiri amene sanakanepo mbale ya munthu. Koma anawonjezera, chifukwa zinali zoona, kuti iye mwini sangakwere bwato atakana chakudya osachikhudza.

"Ndi zimenezotu," anatero Rosnani. "Mutu umadziwa zina, chala chimadziwa zina."

Masana a tsiku loti mawa lake Rosnani akagonekedwa kuchipatala, mayi Jemelah anaitanitsa dua yomupempherera ulendo wabwino, monga zimakhalira munthu akamapita ku opaleshoni kapena ku Haji. Amuna anakhala pabalaza ndi shehe, amayi m'chipinda cha mkati. Pemphero litatha anayala nsalu pansi, ndipo mbale zinayamba kutuluka. Mayi aliyense woyandikana nawo anali atabweretsa chake, wina nkhuku yophikira m'nsungwi, wina phala la zokometsera, wina nthochi zokazinga, ndipo aliyense ankafuna kuti Nani alawe chake, poti iye wakhala akuwadyetsa zaka zonsezi. Rosnani anapempha kuti azimupatsira mbale imodziimodzi pampando pake. Ankakhudza, kuika chala pamilomo, kuyamikira mwini wake pomutchula dzina, n'kupatsira wina. Anayesa nthabwala imodzi, yoti chala chake chakhuta kuposa shehe, ndipo amayi anaseka mopepukidwa.

Kenaka mayi Jemelah anatuluka m'khitchini ndi mbale ya terubok. Sanaiike pansalu. Anadzikoka mpaka pamapazi a mwana wawo, nakhala pansi, mbale ili m'manja. 

Rosnani anatambasula chala. Amayi ake anabweza mbaleyo.

"Lero ayi. Lero udya."

"Amayi, ndikadya mawa akandibweza."

"Akubweze. Wobwezedwa amafika kunyumba ndi miyendo yake."

Panalibe amene anakweza maso. Aliyense m'chipindamo ankamudziwa Drahman. Aliyense ankadziwanso kuti mawa mmawa Rosnani ayenera kugwada kwa amayi ake, kupsompsona dzanja lawo ndi kupempha chikhululuko cha zonse, ndipo munthu sapita pansi pa mpeni amayi ake atabweza dzanja.

Mayi Jemelah analankhulanso. Anati iwo si ouma mtima. Ngati mtima wa mwana wawo sukufuna nsombayi, palibe chomulondola, ndipo aichotsa okha. Koma awayang'ane m'maso, pamaso pa anthu onsewa, anene.

Saptuyah anali pakona, pafupi ndi chitseko, pamalo pake pa masiku onse. Anaona khosi la Rosnani likumeza. Anaona dzanja lake lamanzere likufinya nsalu ya diresi pambali pa ntchafu, kumene amayi ake sankaona. Koma nkhope inali yosalala ngati keke yotsendera bwino.

"Sindikuifuna, Amayi. Chakumwa chija chimapha mudyo. Masiku oyamba inde, koma pano ngakhale fungo lake silikundiuza kanthu. Palibe chimene ndikulakalaka."

Mayi Jemelah anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatembenuka, maso awo akufufuza m'chipindamo mpaka anapeza pakona paja.

"Tuyah, mwana wanga. Iwe umakhala naye tsiku lonse, ndipo iwe sunama. Akunena zoona?"

Nkhope zonse zinatembenukira kwa Saptuyah. Chibadwire anali asanalankhulepo pagulu lotere.  Anaganiza za kuima kuja pakhomo la khitchini, maso ali chitsekere. Anaganiza za zingwe pakhonde la mayi Hajijah. Anafunafuna mawu amene angathe kuwanyamula mpaka kumanda osamulemera, ndipo anapeza ochepa.

"Amayi, masiku onsewa timphepete ta keke timagona pathebulo patsogolo pake. Sindinamuonepo akutola ngakhale kamodzi."

Zinali zoona. Mayi Jemelah anawayeza mawuwo, akuyang'ana uku ndi uku. Mwina anakhulupirira. Mwina anangotopa, n'kufuna pogwira. Anatola kambewu kamodzi ka mpunga ndi zala zawo, nakapaka pamilomo ya mwana wawo, kenaka pakhosi, akunong'ona pemphero. Atatero anapatsira mbaleyo mayi amene anali pafupi, nati anthu adye, zikuzizira.

Mmawa mwake Rosnani anagwada movutikira, atagwira mkono wa mpando, napsompsona dzanja la amayi ake. Anapempha kuti amukhululukire zonse, kuyambira mkaka umene anayamwa. Mayiwo anamugwira mutu ndi manja onse awiri, nati palibe mlandu. Kuchipatala sanapite. Chimwalirire amuna awo sankatha kupirira fungo la kumeneko, ndipo anati akhala pamkeka wa swala mpaka amve uthenga.

Tsiku la opaleshoni Saptuyah anafika kuwodi dzuwa litangotuluka. Anapeza Rosnani atavekedwa kale mkanjo wobiriwira womanga kumbuyo ndi kachipewa kapepala, opanda ndolo, opanda mpango. Ankaoneka wamng'ono msinkhu, ngati mtsikana amene anasiya sukulu uja. Namwino anati sikelo yayenda bwino ndipo adokotala akhutira. Rosnani anamufunsa ngati chidutswa chimene achotsecho angamusungire, akapangire chikwama. Namwinoyo anaseka, napita kukaitana okankha bedi.

Rosnani ndi Saptuyah anakambirana za ntchito. Batala watsala wokwanira, oda ya ukwati wa mwezi wamawa aikane mwaulemu, uvuni wapakati umapsereza kumanzere ndiye keke izitembenuzidwa. Saptuyah ankangovomera ndi mutu. Ankazidziwa zonsezo, ndipo ankadziwa kuti Rosnani akudziwa kuti iye akuzidziwa.

Anyamata awiri anabwera nayamba kukankha bedi. Saptuyah anayenda pambali pake m'khonde lalitali, dzanja lili pachitsulo cha bedilo, mpaka pa chitseko chachikulu pamene abale amabwererapo. Pamenepo Rosnani anapempha okankhawo kuti aime pang'ono. Anagwira mkono wa Saptuyah, namukokera pafupi. Dzanja lake linali lozizira.

"Achemwali, mukachoka pano mupite kwa amayi. Muwaphikire, mukhale nawo pansi, adye inu mukuona." Anameza. "Nsomba ija ndikuifuna mpaka pano, ndikuimva m'kamwa. Ndipo ndikuopa. Ndafuna kuti munthu mmodzi adziwe. Koma amayi musakawauze."